Kupepuka kwa Saide

Amene akuti Asiyatu ndi wabodza aimirire pomwe alipo, ataye malo ake pa bicha, pamzere wa sikelo pano, apite pa baraka, kashopu ka Che Ajasi, kuseri kwa msika wa merikado akafunse ngati si ine ndinakatera pa kamwezi kaja amuna onse a m'Mandimba atalephera. Palibe akuimirira? Ndiye khalani pansi mumve, poti mzerewu ndi wautali, balansa yoyezera ana ndi imodzi, ndipo zimene mwakhala mukunong'onezana chifikire changa ndazimva zonse. Mwana ali kumbuyo kwangayu mwamuyeza kale ndi maso a enifelemera, anamwino athu, asanamukoleke n'komwe. Mwaona timiyendo, mwaona tsitsi lofiirira, mwagwirizana kuti ndi tsempho, kuti mwamuna wanga Momade anapita ku migodi ya golide mwana ali ndi miyezi iwiri ndiye ine ndalowetsa wina m'nyumba. Mayi a Rozita, musayang'ane kumbali, mawu anu ndimawadziwa ngakhale mutaphimba kapulana pakamwa. Saide wanga sanasemphedwe. Saide ndi wopepuka chifukwa ndinapita naye kumene zinthu zilibe kulemera, ndipo kupepukako sikunamuchokebe m'thupi. Walahi, ndikulumbira pali mayi anga amene agona ku Mitande.

Che Ajasi mukuwadziwa, aja okonza mafoni, andevu zapachibwano pokha. Ine ndimakazinga chinangwa pakhonde pawo. Chaka chino anabwera ndi kompyuta yakale kuchokera ku Nampula, yong'aluka pakona, ndipo m'kati mwake muli chinthu chimene munthu amayendetsa nacho chombo cha kumwamba. Iwo amakwiya ukati ndi masewera a ana. Akuti anthu ophunzira anayeza kumwamba konse, dziko lililonse kukula kwake, liwiro lake ndi mphamvu imene limakokera zinthu, n'kuziika mmenemo monga zilili, kotero chimene chakukanika pa kompyuta chingakukanikenso utapita ndi miyendo yako. Kutali kwenikweni, kupitirira mwezi wathuwu, kupitirira maiko ena awiri, kuli dziko lalikulu lachikasu ngati dzungu lotchedwa Saturunu, lozunguliridwa ndi nkhata yoti mungasenzere Niassa yense ndi mapiri ake, ndipo lili ndi miyezi yambirimbiri yolitsatira ngati anapiye. Pakati pa anapiyewo pali kena kotchedwa Metoni. Kameneko ndi koyera, kosalala ngati dzira, kopanda dzenje ngakhale limodzi, ndipo utali wake sukwana kuchoka pa merikado kukafika ku furontera, pa malire a dziko.

Ndiye amuna analumbira kuti akatera pamenepo. Anayesa a njinga zonyamula anthu, amene amadzitama kuti amaima pa khobidi ali ndi mayi ndi thumba kumbuyo. Anayesa dalaivala wa chapa, minibasi ya ku Cuamba. Anabwera mpaka pulofesoro, mphunzitsi wa ku Ngauma, ndi pepala ndi cholembera, anawerengera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo chombo chake chinangodutsa pambali ngati munthu wokwiya ndi apongozi. Ena onse amafika ndithu, kamwezi kaja n'kudzaza galasi, koma miyendo ya chombo ikangoti gu, chimanjanja ngati mpira n'kumapita chikugubuduzika mumdima mpaka mafuta kutha.

"Kameneka sikagwira munthu," amatero Che Ajasi. "Kalibe mphamvu yokoka. Ukakakhudza mwaukali kamakubweza."

Ine masabata atatu ndinkangotembenuza chinangwa ndikusuzumira pazenera, ndipo vuto lawo ndinaliona tsiku lachiwiri lomwe. Onse ankatsitsa chombo monga amatsitsira thumba la chimanga padenga la chapa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagonekapo mwana wodwala.

Tsiku limenelo linali Lachitatu, anthu atangotuluka kumzikiti ku swala ya masana. Saide anali atalira masiku atatu ndi kutsegula m'mimba, ndipo nthawi imeneyo ndi pamene anali atangogona kumbuyo kwanga. Ndinapukuta manja, ndinalowa.

"Che Ajasi, tandibwerekani mpandowo."

Dalaivala uja anaseka mpaka kutsamira khoma. "Mayi a Saide, chinangwa chikupserera panjapo. Sukulu munafika kalasi yanji?"

"Yachitatu," ndinatero. "Ndionetseni batani lopitira ndi lobwerera, enawo ndiwapeza ndekha."

Mukumva? Kugoneka mwana amene walira masiku atatu si kumuika pansi ayi. Umatsika naye limodzi, bondo kaye, chigongono pambuyo, mpweya wako utaugwira, moti mphasa yomwe isadziwe kuti pabwera munthu, kenaka dzanja lili pansi pa mutu wake umalisolola chala chimodzichimodzi, ndipo ukamva wagwedezeka pang'ono umaima pomwepo ngakhale msana ukuthyoka, ngakhale ndiwo zikupserera, ngakhale mbuzi yalowa m'nyumba. Ndi mmene ndinachitira ndi chombo chija. Amuna kumbuyoku akuti fulumirani, mafuta akutha, ine ndikungokhudza batani ngati ndikuchotsa chitsotso m'diso, kukhudza n'kusiya, kukhudza n'kusiya, kamwezi kaja kakubwera pang'onopang'ono moti ntchentche inatera pagalasi, inapuma, inanyamuka, ife tisanafikebe, mpaka manambala a pakona aja anasiya kuthamanga, anayamba kukwawa, kenaka anaima. Chombo chinagona. Sichinanjanje, sichinatembenuke.

Ndipo nditacheuka kuti ndione nkhope ya dalaivala, dalaivala kunalibe, baraka kunalibe, Mandimba kunalibe. Kunali chitseko chachitsulo, ine, Saide kumbuyo, ndi tsache la Che Ajasi limene linali pakona ndipo linabwera nafe popanda woliitana.

Musaseke, mayi a Rozita, zimene ndinaona kumeneko si zoseketsa. Ndinatsegula chitseko n'kupeza dzuwa lachepa ngati njere ya mpunga, masanasana nyenyezi zonse zili poyera, Saturunu atadzaza theka la kumwamba moti mutu umawerama wokha kuopa kugunda, ndipo pansi ponse, kuchokera pamene ndinaima mpaka pamene kamwezi kakupindikira, panali ufa. Ufa woyera, wosalala, wonga wosefa kawiri. Ndinaponda, mwendo unalowa mpaka m'bondo osamva kanthu. Tangoganizani, munthu amene wadya makaka a chinangwa kuyambira mvula isanathe, aime pa dziko la ufa lokhalokha, lopanda mwini, lopanda mlonda, lopanda ngakhale nankafumbwe. Ndinalawa. Unali wozizira woti mano kulira, wopanda kukoma, ndipo palilime umasanduka madzi. Komabe ndinati mwina ukafika kwathu ukakhala bwino, ndinayala kapulana yanga yachiwiri n'kuyamba kuwola ndi manja awiri, ndikuwola, kapulana ikutanuka, ndikuwola, ikutanuka, mpaka mtolo unakula kuposa mzikiti wa ku Mitande, ndinaumanga mfundo, ndinaunyamula ndi kachala kakang'ono aka n'kuuika pamutu popanda nkhata. Khosi silinamve kanthu. Kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene ndinasenza ndowa yoyamba, khosi langa linapuma tsiku limenelo lokha.

Ndinati ndiyende ndione malire. Ndinaponya phazi limodzi, limodzi lokha, ndipo ndinauluka chokwawa pamwamba pa ufa, ndinazungulira kamwezi konse, ndinabwerera pamene ndinachokera mofulumira moti ndinapeza msana wanga usanachoke. Mukumva? Ndinaona chimene palibe mayi pa bicha pano anachionapo, nkhope ya mwana wanga ali kumbuyo kwanga ine mwini. Tsaya lili pamsana, kamwa kali yasa, akumwetulira kutulo. Ndinaonanso khosi la mayi wakeyo kuti mafupa atulukira, ndinamupatsa moni, sanayankhe, chifukwa kumeneko mawu sayenda. Umatsegula kamwa, lilime limagwira ntchito yake yonse, koma palibe chofika m'khutu.

Saide anadzuka, ndinamutembenuzira kutsogolo, ndipo mawere angawa, amene kuno amatulutsa timadontho pofinya, kumeneko anatseguka okha. Mkaka unalibe choukanikiza pansi, umangotuluka n'kumayandama ngati mikanda, yoyera, yaikulu ngati nthudza, yatizungulira mbali zonse, mwana akungotola ndi kamwa ngati mwanapiye, akutola, akuseka popanda mawu, mimba inakhuta mpaka anageya, ndipo kugeyako kunatikankha tonse awiri mikono khumi kumbuyo. Sindinamuonepo atakhuta choncho, kale kapena chibwerere.

Munthu wamkazi sakhala pamalo osasesa. Ndinatenga tsache lija ndinasesa kabwalo patsogolo pa chombo, koma fumbi la kumeneko silibwerera pansi, linangonyamuka n'kumapita, mzere wautali woonda kutsogolo ndi kumbuyo kwa kamwezi, ndipo mpaka lero likadali pomwepo. Mukafuna pitani mukapemphe Che Ajasi akulitse chithunzi, mudzaona kamzere kotuwa kotsatana ndi Metoni. Iwo adzakuuzani kuti anthu ophunzira amati ndi fumbi lochoka pa kamweziko. Sakunama. Sanangodziwa amene anasesa.

Nditatha kusesa ndi pamene mtima unayamba kulemera, ndipo ndicho chinthu chokha chimene chinkalemera kumeneko. Ndinayang'anayang'ana kwathu. Ndinapeza kadontho kamodzi pafupi ndi dzuwa, kochepa kuposa nsabwe, ndipo ndinaika chikhadabo patsogolo pake n'kubisa zonse, Mandimba, Cuamba, njanji ya ku Entre Lagos, manda a mayi anga, migodi imene inameza Momade, nyanja ndi Maka yemwe, zonse pansi pa chikhadabo chimodzi chothyoka. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana ngati pali wina akusuzumira kumwamba kufuna Asiyatu. Panalibe. Ndinaitana dzina la mwamuna wanga ndi mphamvu zonse, silinatuluke. Ndinalira, misozi inakana kugwa, inangounjikana pamaso mpaka inakula ngati papaya, ndinachita kuibudula ndi manja n'kuitaya, ndipo nayo ikuzungulirabe Saturunu.

Ndinati basi ndiswali. Kupeza kibula, mbali ya ku Maka yoyang'ana poswali, sikunavute, poti chilichonse chimene munthu angachilozere chili m'kadontho kamodzi komweko. Ndinabereka mwana, mtolo ndinausunga pambali, ndinaima, ndinawerama, koma nditati ndigunditse mphumi pansi, kamwezi kanandibweza monga kankabwezera amuna aja. Ndinayesanso mofatsa, kanandibwezanso. Malo amene ngakhale kugwada kwa Mulungu sikutheka, anzanga, inu mumawatcha chiyani? Kachitatu ndinalimbikira, ndinadzikankha ndi manja, ndipo mfundo ya pachifuwa inamasuka.

Sindinamve kanthu. Ndinangoona kapulana ikudutsa pamwamba pa mutu wanga itatambasuka, ndipo patsogolo pake Saide, manja ali m'mwamba, akupita. Sankagwa ayi, kugwa kukanakhala bwino poti wogwa umadziwa pokamutola. Ankangochoka, mwakachetechete, akutembenuka pang'onopang'ono, kamwa ikulira kulira kosamveka, akulunjika ku nkhata ya Saturunu, ndipo kamwezi kaja kanangomuyang'ana, sikanamukoke ngakhale pang'ono, ngati mayi amene manja ake atha mphamvu. Ndinagwira mtolo ndi dzanja limodzi n'kulumpha. Ndinanyamuka ndithu, koma mwana anali patsogolo, ine pambuyo, liwiro lathu limodzi, mpata wa pakati pathu mikono itatu, sukuchepa, sukukula, ndikupalasa miyendo palibe chopondapo, ndikusambira palibe madzi, ndinaponya tsache kuti agwire linamudutsa, tinapita choncho tsiku lathunthu, tinapita lachiwiri, Metoni anachepa ngati dzira la njiwa, miyala ya madzi oundana ya mu nkhata ija inayamba kutidutsa ina yaikulu ngati chapa ina ngati nyumba ya boma, ndipo ine ndikuona mapazi a mwana wanga mikono itatu patsogolo panga osatha kuwakhudza.

Tsiku lachitatu ndinakumbukira bwato. Munthu ukakankha gombe, gombe limakukankha. Gombe langa linali limodzi, mtolo uja, ufa wokwana kudyetsa Mitande yense mpaka kukolola. Ndinauyang'ana kamodzi. Ndinaikapo mapazi onse awiri n'kuukankha ndi mphamvu ya m'chiuno, uwo unapita kwake mumdima, ine ndinathamangira kutsogolo, ndinatambasula dzanja, chala ichi chinakola mkuzi wa m'chiuno mwake, kachingwe kakuda kamene anamumanga agogo ake atangotuluka m'chikuta. Kakanakhala kothina chala sichikanalowa. Ndinamukokera pachifuwa.

Pomwepo magetsi anazima m'Mandimba monse. Galasi linada, ndinapezeka pampando wa Che Ajasi, thukuta lili chuchuchu, utsi wa chinangwa chopserera wadzaza baraka, kumzikiti akuitana swala ya madzulo. Masiku atatu a kumwamba anakwana pakati pa swala ziwiri. Dalaivala uja anatuluka osatsanzika. Che Ajasi anatenga khala n'kulemba dzina langa pakhoma, pamwamba pa mafoni, ndipo lilipo, amene amadziwa kuwerenga akawerenge.

Ndiye mukamati ufa uli kuti, ndakuuzani kumene uli. Mukamati mwana wapepukiranji, ndakuuzani. Munthu wamkulu akabwera kumeneko kulemera kumabwerera msanga poti mafupa ake anazolowera dziko lino, koma mwana thupi lake n'lanthete, limagwira chimene laphunzira. Ndi nkhani ya masiku chabe. A enifelemera sangazidziwe zimenezi, sukulu yawo sinafike ku Saturunu.

Atsala angati kutsogoloku? Anayi? Mzerewu lero ukuthamanga bwanji.

Mayi a Rozita, inu mwabereka asanu ndi mmodzi. Mwasiya kuseka kalekale, ndakuonani. Mukuwerenga miyezi, ndipo mwapeza kale kuti kompyuta inabwera Saide atayamba kale kuchepa. Mkuzi uja ndinali nditaufupikitsa kawiri ndisanakhale pampando umenewo, ndipo chibwerere ndaufupikitsanso. Mwamuna sanalowe m'nyumba mwanga, chimenecho ndiye ndikalumbira nacho ngakhale pamaso pa mashehe. Chinalowa ndi njala. Chimanga chinapsa ndi dzuwa chikumasula, phala la mwanayu ndi la chinangwa chopanda nsinjiro, ndipo mawere mwawaona nokha.

Atatu.

Ambiri pano simukudziwa kuti Saide si woyamba. Analipo Fatima. Naye mzere wa pa khadi lake unatsika miyezi itatu, a enifelemera anandilembera pepala loti ndipite naye ku chipatala chachikulu ku Cuamba, ine ndinalisunga m'chitini masabata awiri poti kunali kupalira ndipo kunalibe wosiyira munda. Nditafika anachita zonse zimene akanatha. Ndinabwerera pa chapa kapulana ili yopinda pamiyendo, wondikhala pambali n'kumandifunsa ngati ndikukagulitsa. Kuyambira pamenepo ndinadziuza kuti pepala limenelo sindidzalilandiranso.

Ndiye mwezi wathawu ndi winawo ndinabwera pano ndi loko wa pachitseko changa m'thewera la mwana. Ndi loko wamkulu, wa mkuwa, anagula Momade. A enifelemera anakoleka Saide pa balansa, anayang'ana muvi, anati sanakwere koma sanatsike, mayi yesetsani. Ine ndinabwerera kunyumba ndikuyenda mopepuka ngati nzoona. Dzulo ndinadutsa kwa wogula nandolo uja wa pamsewu, ndinamupempha andikolekere mwana pa balansa yake, loko ali momwemo. Anayang'ana muvi, anayang'ana ine, anati mayi balansa yangayi ndi ya nandolo, mwina siidziwa ana. Koma manambala ndimawadziwa, kalasi yachitatu inandikwanira pamenepo. Loko sakukwananso. Pofunika khasu tsopano.

Ku Metoni sindinapite. Ndinakhala pa kreti ya zakumwa yoikapo katoni, ndinasindikiza mabatani anayi, mwana ali mtulo kumbuyo, ndipo kwa kanthawi kochepa ndinaiwala kuti ndine ndani. Koma chombo chija ndinachigoneka ndine, amuna onse akuona, chimenecho musandilande.

Watsala mmodzi. Mayi a Rozita, senderani kuno, muime kumbuyo kwanga anthu asaone. Pisani dzanja m'munsimo, kumanzere. Mwamupeza loko uja? Mutulutseni. Kiyi nayu pakhosi panga, dulani chingwecho. Mukamabwerera mudzere kwathu mukatseke chitseko, nkhuku ziwiri zija mukapereke kwa achemwali anga, muwauze kuti ndapita ku Cuamba ndipo sindikudziwa tsiku lobwera. Ndipo poti muli kumbuyoko, vundukulani kapulanayo mundiuze ngati maso ake ali otsegula. Ine kuchokera m'mawa ndikuchita kupisa dzanja kuti ndidziwe ngati alipo.